Kusanthula nambala yaikulu: tiyeni tiphwasule 985,320

Nambala yaikulu imaopsa ndi kutalika kwake chabe. Mukadziwa poigwira, 985,320 sivuta kuposa 360, kungoti imadya pepala lochulukirapo. Mafunso amene anthu a masamu amafunsa pa nambala yotere ndi ambiri. Kodi ndi prime? Imagawika ndi manambala angati? Ndi sikweya, ndiko kuti nambala yobwera pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, monga 9 = 3 × 3? Ndi yosefukira kapena yoperewera? Koma pafupifupi mayankho onsewa ali pamalo amodzi: pa ma prime amene akachulukitsidwa amabala nambalayo. Mukawapeza molondola, zinazo mumangotola. Mukaphonya mmodzi yekha, zonse zotsatira zikhala zabodza ngakhale mutawerengetsa mosamala chotani. N'chifukwa chake tichedwa kwambiri pa ntchito imeneyi.

Konzani pepala, pensulo ndi kalikuleta. Ya pafoni ikwanira. M'mphepete mwa pepalalo lembani ma prime oyambirira: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37. Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. 1 sawerengedwa, ndipo pali chifukwa chake. Lamulo lakuti nambala iliyonse imaphwasuka m'ma prime mwa njira imodzi yokha, limene Carl Friedrich Gauss analitsimikizira mokwanira mu 1801, likanasokonekera, poti 6 akanakhala 2 × 3, komanso 1 × 2 × 3, komanso 1 × 1 × 2 × 3, osalekeza.

Yambirani kumchira

Musanakhudze kalikuleta, yang'anani madijiti akumapeto. Yomaliza ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo imagawika ndi 2. Ikakhala 0 kapena 5, imagawika ndi 5. Yathuyi ikuthera ndi 0, ndiye 2 ndi 5 alimo onse, ndipo funso loyamba lija lathera pomwepa: si prime.

Tsopano tengani madijiti awiri omaliza, 20. Poti 4 amalowa mu 20, amalowanso mu nambala yonse. Atatu omaliza, 320, ndi 8 × 40, ndiye 8 naye alowa. Anayi omaliza, 5,320, mukawagawa ndi 16 mupeza 332 ndi theka, kutanthauza kuti 16 wakana. Mwadziwa kale kuti 2 alimo katatu, osati kanayi, musanagawe chilichonse chachikulu. Zimatheka chifukwa 100 amagawika ndi 4, 1,000 amagawika ndi 8, 10,000 amagawika ndi 16. Zonse zimene zili kumanzere kwa mchirawo zimagawika kale, ndipo chimene chingakane ndi mchira wokhawo. Kwa 5 n'chimodzimodzi: kuti 25 alowe, mchira uyenera kukhala 00, 25, 50 kapena 75. Wathu ndi 20, choncho 5 alimo kamodzi kokha.

Phatikizani madijiti, koma musawakhulupirire mopitirira

9 + 8 + 5 + 3 + 2 + 0 = 27. Zotsatirazi zikagawika ndi 3, nambala yonse imagawika ndi 3. Zikagawika ndi 9, imagawikanso ndi 9. Apa zonse ziwiri zatheka.

Pamenepa ndi pamene ambiri amaterereka. Aona 27, aganiza kuti ndiye 27 nayenso alowa. Ayi ndithu. 27 × 36,493 = 985,311, ndipo patsala 9. Lamulo lophatikiza madijiti limagwira pa 3 ndi 9 pokha, chifukwa 10 ndi 9 kuphatikiza 1, 100 ndi 99 kuphatikiza 1, 1,000 ndi 999 kuphatikiza 1, moti mukagawa ndi 9 dijiti iliyonse imangotsala iyo yomwe. Kwa 27 njira ilipo koma ndi ina: dulani nambala m'magulu a madijiti atatuatatu kuyambira kumanja, n'kuphatikiza maguluwo. 985 + 320 = 1,305, ndipo 1,305 mukamugawa ndi 27 patsala 9 yemwe uja. Zimagwira chifukwa 999 = 27 × 37. Taonani kuti 37 naye mwamuyesera pomwepo osalipira kanthu: 37 × 35 = 1,295, patsala 10, ndiye 37 mulibe.

7, 11 ndi 13 ayeseni limodzi

Pali lamulo la 7 limene ambiri anaphunzira, lochulukitsa dijiti yomaliza ndi 2 n'kuchotsera pa zotsalazo, kubwerezabwereza mpaka nambala itachepa. Pa nambala yaitali ine sindilikonda. Limatenga nthawi yofanana ndi kungogawa, ndipo mpata wolakwitsa ndi wochuluka. Njira yabwino yagona pa mfundo yakuti 7 × 11 × 13 = 1,001. Tenganinso magulu a atatuatatu aja, koma ulendo uno chotserani: 985 − 320 = 665. Maguluwo akakhala oposa awiri, muzisinthanitsa, kuchotsera ili, kuphatikiza lotsatira, kuchotsera linalo. Chimene chalowa mu 665 pakati pa 7, 11 ndi 13 chalowanso mu nambala yonse. 665 = 7 × 95, ndiye 7 alimo. 11 × 60 = 660, patsala 5. 13 × 51 = 663, patsala 2. Onse awiri akana.

Chenjezo laling'ono: 665 amagawikanso ndi 19, koma zimenezo sizikunena kanthu za 985,320. Muyeso uwu ndi wa ma prime atatu okhawo.

Tsopano gawani

Yambani ndi prime wamng'ono kwambiri, ndipo musamusiye mpaka atakana. Lembani mzere uliwonse, osasunga m'mutu:

985,320 ÷ 2 = 492,660
492,660 ÷ 2 = 246,330
246,330 ÷ 2 = 123,165
123,165 ÷ 3 = 41,055
41,055 ÷ 3 = 13,685
13,685 ÷ 5 = 2,737
2,737 ÷ 7 = 391

Zonse zagwirizana ndi zimene mchira ndi madijiti anatiuza: 2 katatu, 3 kawiri, 5 kamodzi, 7 kamodzi. Zikanasiyana, bwenzi tikubwerera kukafuna pamene dzanja linaterereka. Uwu ndiwo ubwino wochita miyeso ija musanagawe.

Tatsala ndi 391, ndipo ntchito yeniyeni ili apa. Nambala imeneyi ikuoneka ngati prime. Sigawika ndi 2, 3, 5, 7, 11 kapena 13. Munthu wotopa amangolemba kuti "391 ndi prime" n'kutseka kope. Musatero. Funso loyenera ndi lakuti: ndiyese mpaka pati ndisananene kuti yakanika?

Yankho lake ndi square root, nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala nambala imene muli nayo. Ngati nambala ili a × b, sizingatheke kuti a ndi b onse akhale aakulu kuposa square root yake, chifukwa akanabala nambala yoposa imene muli nayo. Mmodzi ayenera kukhala pansi pake kapena pomwepo. Choncho mukayesa ma prime onse mpaka pa square root osapeza wolowa, mwatsimikiza kuti ndi prime. Kwa 391, 19 × 19 = 361 ndipo 20 × 20 = 400, ndiye malire ndi 19. Tatsala ndi 17 ndi 19 okha. 17 × 23 = 391. Wapezeka.

Onetsetsani kuti square root mukuitenga pa chotsalacho, osati pa nambala yoyamba ija. Ya 985,320 ili pafupi ndi 992, ndipo ma prime ofika pamenepo alipo 167. Koma nthawi iliyonse imene mwagawa, malire amatsika, mpaka atsikira pa 19. Anthu ambiri amadzizunza ndi kuyesa ma prime amene sakufunikanso.

Pali njira inanso, ya Pierre de Fermat, yothandiza kwambiri pamene ma prime awiri obisalawo ali oyandikana. Pezani sikweya yoyamba yoposa nambala yanu, muchotsere, muone ngati chotsalacho chili sikweya. 400 − 391 = 9, ndipo 9 ndi 3 × 3. Ndiye 391 = 20² − 3² = (20 − 3) × (20 + 3) = 17 × 23. Zikakana pa sikweya yoyamba, pitani pa yotsatira, 441, kenako 484. Ndi manambala ngati 899 kapena 1,147 njirayi imagwira nthawi yomweyo: 900 − 899 = 1, ndiye 29 × 31; 1,156 − 1,147 = 9, ndiye 31 × 37. Koma ma prime akatalikirana, mwachitsanzo 3 ndi 1,009, imachedwa zedi, moti ndi bwino kuyamba mwachotsa ang'onoang'ono monga tachitiramu.

Tapeza kuti (kanambala kam'mwamba kakunena kuti prime alimo kangati):

985,320 = 2³ × 3² × 5 × 7 × 17 × 23

Musapitirire musanachulukitse kubwerera: 8 × 9 = 72, × 5 = 360, × 7 = 2,520, × 17 = 42,840, × 23 = 985,320. Zatheka. Ma prime osiyana alipo 6, ndipo mukawerenga ndi obwereza omwe alipo 9. Khoma taligumula ndipo njerwa zake zili pansi. Chatsala ndi kuona zimene zingamangidwe nazo.

Manambala angati amalowamo?

Simufunika kuwalemba onse kuti muwawerenge. Nambala iliyonse yolowa mu 985,320 imapangidwa posankha mwa ma prime omwewa. Kwa 2 muli ndi zosankha zinayi: kumusiya, kumutenga kamodzi, kawiri kapena katatu. Kwa 3 zilipo zitatu. Kwa 5, 7, 17 ndi 23 zilipo ziwiriziwiri, kumutenga kapena kumusiya. Mwachidule, onjezerani 1 pa kanambala kam'mwamba kalikonse, n'kuchulukitsa: 4 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 192. Kuphatikizapo 1 ndi 985,320 yomwe, manambala olowamo alipo 192.

Yesani kamodzi kuti mukhutire. Tengani 2 kawiri, 5 ndi 17: 4 × 5 × 17 = 340. Ma prime amene mwawasiya, 2 × 9 × 7 × 23, apanga 2,898, ndipo 340 × 2,898 = 985,320. Manambala olowa amayenda awiriawiri chonchi, ndiye mapeya alipo 96. Peya yoyandikana kwambiri ndi 966 × 1,020. Mukadawerenga 391 ngati prime, mukadapeza 96 m'malo mwa 192, theka lenileni, ndipo palibe chimene chikadakuchenjezani.

192 ndi ochuluka, koma si mbiri. Srinivasa Ramanujan mu 1915 analemba za manambala amene ali ndi owagawa ambiri kuposa nambala iliyonse yochepera iwo. Yathuyi silowa m'gululo, poti 720,720, imene ndi yaing'ono, ili nawo 240. Chifukwa chake chikuonekera m'ma prime: 720,720 = 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13, sinadumphe prime aliyense, pamene yathu yadumpha 11, 13 ndi 19 n'kutenga aakulu amene amakweza nambala osaonjezera owagawa.

Yoperewera, yokwanira kapena yosefukira

Kugawa manambala m'magulu atatuwa n'kwakale. Nicomachus wa ku Gerasa analemba za izi cha m'ma 100 AD. Mumaphatikiza manambala onse olowa mu nambala yanu kupatula iyo yomwe. Zotsatira zikachepa, ndi yoperewera. Zikafanana nayo ndendende, ndi yokwanira. Zikapitirira, ndi yosefukira. Mukamafufuza m'mabuku kapena pa intaneti mudzawapeza ndi mayina akuti deficient, perfect ndi abundant.

Kuphatikiza manambala 192 pamanja n'kudzipha. Chitani chonchi: pa prime aliyense phatikizani 1 ndi magawo ake onse amene alimo, kenako muchulukitse zotsatirazo. Yesani kaye ndi 12, amene ndi 2² × 3: (1 + 2 + 4) × (1 + 3) = 28, ndipo 1 + 2 + 3 + 4 + 6 + 12 ndi 28 yemweyo. Pa yathu: 1 + 2 + 4 + 8 = 15; 1 + 3 + 9 = 13; 1 + 5 = 6; 1 + 7 = 8; 1 + 17 = 18; 1 + 23 = 24. Ndiye 15 × 13 × 6 × 8 × 18 × 24 = 4,043,520. Chotsanipo 985,320, mutsala ndi 3,058,200. Ndi yosefukira, ndipo yasefukira kuposa katatu.

Ngati mumangofuna gulu lake, osati chiwerengero chenicheni, njira yachidule inalipo. Nambala iliyonse yogawika ndi 6, kupatula 6 mwini, ndi yosefukira. Taonani: theka la yathu ndi 492,660, gawo limodzi mwa atatu ndi 328,440, limodzi mwa asanu ndi limodzi ndi 164,220. Atatu okhawa akwana kale 985,320 ndendende. Mukangoonjezera 1, yasefukira, ndipo patsala ena 187 osawerengedwa.

Yosefukira yaing'ono kwambiri ndi 12, ndipo yoyamba yosagawika ndi 2 ndi 945. Zokwanira ndizo zosowa: 6, 28, 496, 8,128, kenako mudumphe mpaka 33,550,336. Pakati pa 8,128 ndi 33,550,336 palibe ina, ndiye nambala ya madijiti asanu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri musavutike n'kuiyesa. Zonse zimene zapezeka zimagawika ndi 2, ndipo funso lakuti kaya ilipo yosagawika ndi 2 lakhala losayankhidwa kwa zaka mazanamazana.

Za masikweya

Nambala imakhala sikweya ngati prime aliyense alimo ka 2, ka 4, ka 6, motero. Yathu ili ndi 2 katatu, ndiye nkhani yatha. Mchira ukanakuuzaninso: sikweya sithera ndi 2, 3, 7 kapena 8, ndipo ikathera ndi ziro, maziro ake amakhala awiri, anayi, osati mmodzi. Ili pakati pa 992² = 984,064 ndi 993² = 986,049.

Kodi ndi ya makona atatu, monga 1, 3, 6, 10, 15, imene imabwera pophatikiza 1 + 2 + 3 mpaka penapake? Chulukitsani ndi 8, onjezerani 1, muone ngati mwapeza sikweya. 8 × 985,320 + 1 = 7,882,561, imene ili pakati pa 2,807² = 7,879,249 ndi 2,808² = 7,884,864. Si ya makona atatu.

Funso lokoma ndi ili: ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikiza, monga 25 = 9 + 16? Mukhoza kuyesa masikweya mazana ambiri n'kubwerako chimanjamanja, kapena mungoyang'ana ma prime. Sankhani amene mukawagawa ndi 4 patsala 3. Apa ndi 3, 7 ndi 23. Lamulo likuti aliyense wa amenewa ayenera kupezeka kawiri, kanayi, motero. 3 alimo kawiri, palibe vuto. Koma 7 alimo kamodzi, 23 kamodzi, ndiye sizingatheke. Ma prime otsala 1, monga 5 = 1 + 4 ndi 17 = 1 + 16, sasokoneza; Fermat ananena mu 1640 kuti prime aliyense wotere ndi masikweya awiri, ndipo Leonhard Euler ndiye anadzapereka umboni wake.

Nanga atatu? Lamulo la Adrien-Marie Legendre likuti: gawani nambalayo ndi 4 mobwereza mpaka 4 atakana, kenako mugawe chotsalacho ndi 8. Pakatsala 7, sizitheka. Pakatsala china chilichonse, zitheka. 985,320 ÷ 4 = 246,330, apa 4 wakana, ndipo pogawa ndi 8 patsala 2. Ndiye zitheka. Kuti muwapeze, yambani ndi sikweya yaikulu yokwanamo: 985,320 − 984,064 = 1,256, ndipo 1,256 = 1,156 + 100. Choncho 985,320 = 992² + 34² + 10². Apa tachita mwayi kuti zagwira pa ulendo woyamba. Nthawi zina mumatsika ku 991, 990, mpaka zitagwira. Masikweya anayi musawafunse n'komwe, poti Joseph-Louis Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala iliyonse imatheka ndi anayi.

Chiwerengero china chimene mabuku amakonda kulemba ndi cha Euler, chofunsa kuti pakati pa 1 ndi nambala yanu, ndi manambala angati amene sagawana nayo prime aliyense. Pa prime wopezeka kamodzi chotsani 1: 4, 6, 16, 22. Pa 8 tengani 8 − 4 = 4, pa 9 tengani 9 − 3 = 6. Chulukitsani zonse: 4 × 6 × 4 × 6 × 16 × 22 = 202,752.

Zina ndi za kalembedwe chabe

Mukatsegula tsamba lofotokoza nambala mudzapeza mayina ambirimbiri ataikidwa pamzere umodzi ngati ndi olemera mofanana. Sali ofanana. Kuti nambala imawerengeka chimodzimodzi kuchokera kumanja ndi kumanzere, monga 985,589, zimadalira kuti tikulemba ndi madijiti khumi. Chimodzimodzi manambala a Harshad, amene D. R. Kaprekar wa ku India anawatcha dzinali, omwe amagawika ndi zotsatira za kuphatikiza madijiti awo. Yathu si ya Harshad, poti taona kale kuti 27 salowa. Zoterezi n'zosangalatsa, koma mukasintha kalembedwe zimasungunuka. Ma prime aja, 192 uja ndi kusefukira kuja sizisintha ngakhale mutailemba motani.

Kuti muilembe mu binary, kalembedwe ka 0 ndi 1 okha mmene kompyuta imasungira, igaweni ndi 2 mobwereza, muzilemba chotsala nthawi iliyonse, kenako muwerenge zotsalazo kuchokera pansi kupita pamwamba. Mupeza 11110000100011101000, madijiti 20. Maziro atatu akumapetowo ndi 2³ uja akudzionetsa. Mukadula anayianayi, 1111 0000 1000 1110 1000, mu hexadecimal, kalembedwe ka zizindikiro 16 (0 mpaka 9 ndi A mpaka F), ndi F08E8.

Yesaninso ndi yoyandikana nayo

Onjezerani 1, mupeze 985,321. Musanayambe, mukudziwa kale kuti 2, 3, 5, 7, 17 ndi 23 salowa, chifukwa aliyense asiya 1. Apa m'pamene pagona umboni wakale wa Euclid wakuti ma prime satha: chulukitsani ma prime alionse amene muli nawo, onjezerani 1, ndipo chimene mwapezacho chifuna prime wina amene sanali pamndandanda. Koma ena amamva molakwika, amaganiza kuti chopezekacho chiyenera kukhala prime. Sichoncho. Muyeso wa 1,001 ukupereka 985 − 321 = 664, mmene 11 ndi 13 salowa. Wotsatira ndi 19, ndipo 19 × 51,859 = 985,321.

Chotsala ndi 51,859. Square root yake ili pakati pa 227 ndi 228, ndipo ma prime ofika pa 227 alipo 49. Palibe njira yachidule, muwayese mmodzimmodzi, kuyambira 19 yemweyo, poti prime akhoza kulowa kawiri. Samalani pa 43 ndi 67: onse awiri amafika pa 51,858, kuphonya ndi 1 yekha, moti mukayang'ana kalikuleta mothamanga mukhoza kuona ngati alowa. Mukafika pa 227 osapeza wolowa, mwatsimikiza kuti 51,859 ndi prime. Ndiye 985,321 ili ndi owagawa anayi okha: 1, 19, 51,859 ndi iyo yomwe. Atatu oyambawo akupanga 51,879, kutali kwambiri ndi nambalayo. Ndi yoperewera kwadzaoneni, chonsecho yagundizana ndi ina yokhala ndi owagawa 192.

Ngati mukhala mukuchita zimenezi kawirikawiri, dzipangireni mndandanda wa ma prime ndi sefa ya Eratosthenes. Lembani manambala kuyambira 2 mpaka 1,000, musunge 2 n'kufufuta onse ogawika ndi 2, musunge 3 n'kufufuta ake, muzipita pa wotsatira wosafufutidwa. Mukamaliza ndi 31 mwatha, ndipo otsalawo ndi ma prime 168. Amenewa akukwanirani kuyesa nambala iliyonse yosafika 1,000,000.

Nambala ikakula zenizeni

Madijiti akafika 15 kapena 20, pensulo yafika pothera, ndipo zida zina zimayamba kunama osakuuzani. Excel imasunga madijiti 15 okha. Otsatirawo imawasandutsa maziro. Makalikuleta ambiri amafupikitsa yankho, moti kugawa kosakwana kumaoneka ngati kwakwana. Gwiritsani ntchito chida chosunga manambala athunthu mulimonse mmene angatalikire, monga Python kapena PARI/GP, ndipo muzifunsa chotsala, osati kuyang'ana ngati pali kadontho.

Pamlingo umenewu mafunso awiri amene pa 391 anali amodzi amapatukana. Kudziwa ngati nambala ndi prime n'kosavuta. Kupeza ma prime ake n'kovuta kwambiri. Muyeso wa Fermat umati: n akakhala prime woposa 2, mukachulukitsa 2 mwa iye yekha ka n − 1 n'kugawa ndi n, patsala 1. Pakatsala china, mwatsimikiza kuti si prime, ngakhale simukudziwa womugawa ndi mmodzi yemwe. Koma pakatsala 1 musavine msanga. 341, amene ndi 11 × 31, amadutsa muyesowu, ndipo 561, amene ndi 3 × 11 × 17, amadutsa ngakhale mutasintha 2 uja n'kuika nambala ina iliyonse yosagawana naye prime. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa Miller–Rabin, umene manambala onyengawa saupusitsa mukaubwereza mokwanira.

Ngakhale akatswiri anagwapo m'mbuna ya 391 ija. Fermat ankakhulupirira kuti 2³² + 1, kapena kuti 4,294,967,297, ndi prime, mpaka Euler anaonetsa mu 1732 kuti ndi 641 × 6,700,417. Za 2⁶⁷ − 1 zinkadziwika kale kuti si prime, koma ma prime ake anadzawaonetsa ndi Frank Nelson Cole mu 1903: 193,707,721 × 761,838,257,287. Masiku ano kusiyana kwa mafunso awiriwa kukuonekera poyera. Prime wamkulu amene anapezeka mu 2024 kudzera mu ntchito ya GIMPS yofunafuna ma prime aakulu ndi makompyuta, 2 wochulukitsidwa ka 136,279,841 kuchotsapo 1, ali ndi madijiti 41,024,320. Pamene nambala ya madijiti 250 okha yotchedwa RSA-250, yopangidwa ndi ma prime awiri aakulu, inaphwasulidwa mu 2020 makompyuta ambiri atagwira ntchito limodzi kwa nthawi yaitali. Njira ya RSA yotetezera mauthenga pa intaneti yatsamira pa kuvuta kumeneku.

Ndiye mukakumana ndi chotsala chimene chakukanikani, lembani zimene mwatsimikiza zokha: ma prime amene mwapeza, chotsalacho, ndi prime womaliza amene munayesa. Chiwerengero cha owagawa, kuphatikiza kwawo ndi chiwerengero cha Euler musazilembe mpaka chotsalacho chitadziwika. Zimene mungathe kunena ndi zimene sizidalira chotsalacho: ngati 6 walowa ndi yosefukira, ndipo ngati 7 walowa kamodzi kokha, si sikweya ndiponso si masikweya awiri ophatikiza.